Tifunseni: kahelikopita ka mipando iwiri koyendera malamba ngati chigayo

Mwezi watha ndinalemba za matayala a ndege zikuluzikulu, ndipo chakumapeto ndinatchula mongodutsa kuti zaka zambiri za umakaniko wanga ndinazithera pa kahelikopita ka mipando iwiri kotchedwa Robinson R22, m'shedi ya pabwalo lina laling'ono kunja kwa Johannesburg. Makalata amene abwera chifukwa cha mzere umodzi umenewo aposa onse ofunsa za matayala. Ndasankhapo ochepa. Ndinene poyamba kuti ntchito yanga inali ya sipanala, osati yoyendetsa. Komabe ndakhalapo kambirimbiri pampando wakumanzere pokayesa ndege tikamaliza kuikonza, chifukwa kumene ndinkagwira ntchitoko lamulo la akulu athu linali loti womanga bawuti akwere nawo ulendo woyamba.

Funso: Amalume, ndinaona pa Facebook kahelikopita kakang'ono ngati tombolombo kakukusa ng'ombe ku Australia, kakuuluka m'munsi mwenimweni mpaka fumbi koboo. Mnzanga akuti n'choseweretsa choyendera rimoti. Kodi mumakhala munthu m'menemo? Nanga anakapanga ndani?
Mnyamata wa Fomu 3, Ntcheu

Yankho: Mumakhala munthu, mphwanga, ndipo amakhala akutuluka thukuta. Kumpoto kwa Australia kuli mafamu a ng'ombe oti famu imodzi imaposa boma lonse la Ntcheu kukula kwake. Ntchito yokusa ziweto imene pa akavalo inkatenga masabata, masiku ano amaigwira ndi tindege timeneti, ndipo kawirikawiri kamene amagwiritsa ntchito ndi R22.

Anakapanga ndi Frank Robinson, injiniya wa ku America amene anabadwa mu 1930. Anagwirapo ntchito kumakampani opanga ndege a Cessna, Kaman, Bell ndi Hughes, ndipo ankadziwika kwambiri pa luso la mapiko a kumchira. Iye ankafuna helikopita yaing'ono yotchipa imene munthu wamba angagule n'kumayendera ngati galimoto, koma mabwana ake onse sanakopeke nazo. Mu 1973 anasiya ntchito n'kuyambitsa kampani yake m'nyumba mwake momwe ku California. Yoyamba anaimangira m'shedi ya malata pabwalo la ndege la Torrance, ndipo mu 1975 anaiulutsa yekha. Boma la America linaivomereza mu 1979, mtengo wake uli madola 40,000. Kuchokera pamenepo zapangidwa zoposa 4,800. Mkuluyu anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 92.

Ukafuna kumvetsa kandege kameneka, yamba ndi kulemera kwake. Kopanda munthu ndi mafuta kamalemera pafupifupi makilogalamu 400, ngati matumba asanu ndi atatu a chimanga. Kakanyamula zonse sikaloledwa kupitirira makilogalamu 622. Robinson ankalimbana ndi kilogalamu iliyonse. Chitseko ndinkachichotsa ndi dzanja limodzi n'kuchikoleka pakhoma ngati jekete. Mulibe mapampu a hydraulic othandizira kuwongolera monga m'helikopita zazikulu. Dzanja la woyendetsa limakankha timapaipi tachitsulo, timapaipito n'kukafika kumapiko. M'malo mwa ndodo ziwiri zowongolera, imodzi pakati pa miyendo ya munthu aliyense, anaika imodzi yokha pakati pa mipando, pamwamba pake n'kupingasa chogwirira chonga handulo ya njinga chimene chimapendekera kwa amene akuyendetsa. Katundu amalowa m'kabokosi ka pansi pa mpando, ndipo mpando uliwonse umaloledwa makilogalamu 109 basi, kuwerengera munthu ndi katundu wake yemwe.

Mapiko a pamwamba ndi awiri, ndipo kuchokera nsonga iyi kufika nsonga inayo ndi mamita 7.67. Paulendo kamayenda makilomita 160 kapena 170 pa ola. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi ola limodzi ndi theka, pamene wapabasi akadali chakwanu ku Ntcheuko kugula mbatata pawindo.

Funso: Ndili ndi chigayo cha dizilo. Alamu anga amene anakhalapo ku Joni akuti helikopita zing'onozing'ono zimazungulitsidwa ndi malamba ngati a chigayo changachi. Ine lamba akaduka chigayo chimaima, anthu n'kudikira ndi matumba awo. Nanga m'mwambamo lamba akaduka, kapena injini ikazima, si ndiye kugwa ngati mwala?
Mwini chigayo, Mchinji

Yankho: Alamu anu sananame, bambo, ndipo inu mungamvetse ndege imeneyi msanga kuposa anthu ambiri ophunzira. Kuseri kwa mipando kuli injini ya Lycoming ya masilinda anayi, yoziziritsidwa ndi mphepo ya fani, yopanda rediyeta. Pa injinipo pali pule, pamwamba pake pali pule ina, ndipo ziwirizi zimalumikizidwa ndi malamba awiri. Poliza injini malambawo amakhala okhwepa, kuti injini isavutike ndi kulemera kwa mapiko. Ikalira, woyendetsa amatabwanya switchi, kamota ka magetsi n'kuyamba kukankhira pule yapamwamba m'mwamba pang'onopang'ono mpaka malamba atakungika. Ukaima pambali umamva kulira kwa malamba akuterereka, kenako umaona phiko likusuntha mwaulesi, kenako lathamanga. Kuchoka pa pule yapamwambayo shafti imapita kutsogolo ku giyabokosi ya mapiko aakulu, ndi kumbuyo kumchira. Injini imazungulira maulendo pafupifupi 2,650 pa mphindi, mapiko aakulu 530.

Tsono m'kati mwa pule yapamwambayo muli chinthu chimene chigayo chanu chilibe, koma njinga yanu ili nacho: firiwilo. Mukasiya kupalasa pamtsetse, tayala limapitirira kuzungulira osakoka mapedulo. N'chimodzimodzi apa. Injini ikazima, mapiko amaisiya n'kumazungulira okha.

Chimawazungulitsa n'chiyani? Mukukumbukira tili ana tinkang'amba tsamba la mango mbali ziwiri, kulibaya pakati ndi kamtengo, n'kumathamanga nalo likuzungulira? Panalibe injini, inali mphepo yodutsa pa tsamba. Helikopita ikayamba kutsika, mphepo imalowa m'mapiko kuchokera pansi kupita m'mwamba n'kumawapalasa. Oyendetsa amati autorotation. Koma kuti zitheke, phiko liyenera kugonekedwa msanga kuti lisamalimbane ndi mphepo. Kumanzere kwa woyendetsa kuli chogwirira chonga handibuleki ya galimoto, dzina lake collective. Akachikoka, mapiko onse amapendekeka n'kuluma mphepo yambiri, ndege n'kukwera. Akachitsitsa, amagona. Injini ikangozima, chimenechi chipite pansi nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene R22 imasiyana ndi zinzake zazikulu. Mukazimitsa injini yanu ya dizilo, gudumu lolemera lija, fulaiwilo, limapitirizabe kuzungulira kwa kanthawi chifukwa cha kulemera kwake. Mapiko a helikopita ndiwo fulaiwilo yake. A R22 ndi opepuka, munthu mmodzi amanyamula phiko lonse paphewa, ndipo m'lifupi mwake ndi masentimita pafupifupi 18 okha. Mphamvu yosungidwa mmenemo ndi yochepa. Injini ikazima ndege ikukwera, woyendetsa ali ndi sekondi imodzi kapena ziwiri kuti atsitse collective. Akachedwa, liwiro la mapiko limagwa. Likafika pa 97 peresenti ya liwiro lake loyenera, hutala imalira ndipo nyale imayaka. Likatsika kufika cha m'ma 80 peresenti, mapiko amaleka kugwira mphepo, ndipo palibenso chowabwezera. Pamenepo ndiye mwala umene mukunenawo.

Tsiku loyamba kundionetsa zimenezi sindidzaliiwala. Tinali titangosintha malamba, ndipo mphunzitsi wina wachikulire wa pabwalopo ananditenga kukayesa. Tili mamita ngati 300 pamwamba pa udzu wouma wa mwezi wa July, anandiuza m'mahedifoni kuti ndiyang'ane geji ya mivi iwiri, wina wa injini, wina wa mapiko. Anatsitsa collective n'kupotokola mafuta. Muvi wa injini unagwa, wa mapiko unakhala pomwepo. Mimba inandikwera kukhosi. Phokoso la injini linachepa, m'malo mwake kunkamveka mluzu wa mphepo. Tinkatsika mamita oposa 400 pa mphindi, tikuyendabe kutsogolo makilomita 120 pa ola, ndipo msewu wafumbi umene unkaoneka ngati ulusi unakula ndikuona. Titatsala mamita khumi ndi awiri, anakokera ndodo kumbuyo, mphuno inadzuka, mapiko analira phaphapha akuwonjezera liwiro, kutsika kunachepa. Anaiwongola, n'kukoka collective, tinakhudza udzu n'kuterereka pang'ono ngati chileyi. Zonsezi sizinakwane mphindi imodzi. Chimene ndinaona nditatsika n'chakuti dzanja lake lamanzere linali likadali pa collective, ndipo pa ulendo wonsewo silinachokepo, ngakhale pokanda mphuno ankagwiritsa ntchito phewa.

Lamba akaduka njira yake ndi yomweyo, kungoti injini imakuwa chifukwa yatsala yopanda katundu. Mapiko a kumchira amapitiriza kuzungulira poti ali pa shafti imodzi ndi aakulu aja.

Pali malo amodzi pamene luso limeneli silithandiza kwenikweni: kuima malo amodzi m'malere, pakati pa mamita atatu ndi mamita zana ndi kuposerapo, osayenda kutsogolo. Pamenepo palibe liwiro, palibenso mtunda wokwanira woti mapiko agwire mphepo. M'buku la ndege muli chojambula chosonyeza dera limeneli, ndipo okusa ng'ombe a ku Australia aja tsiku lonse amakhala akulowa ndi kutulukamo.

Ndiwonjezere ichi. Injini zimene ine ndinaziona zitazima m'mwamba, zambiri sizinathyoke kanthu. Ina munali madzi m'mafuta. Ina kabureta inagwira ayezi, ndipo musadabwe, zimachitika ngakhale kunja kukutentha bola mpweya ukhale wachinyezi ngati wa m'dzinja, chifukwa petulo akamasanduka nthunzi amaziziritsa kukhosi kwa kabureta. N'chifukwa chake pali kachingwe kolowetsera mpweya wotentha, ndipo woyendetsa amayenera kumayang'ana geji yake.

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale. Ana amandifunsa ntchito ya kapulopela ka kumchira, ena amati n'kokankhira ndege kutsogolo. Ndingawafotokozere bwanji mosavuta?
Mphunzitsi, Dedza

Yankho: Aphunzitsi, bwerekani mpando wozungulira wa mu ofesi ya ahedi. Mwana akhalepo atakweza miyendo, mum'patse thabwa lalitali aligwire pamwamba pa mutu, ndiye alizungulitse mwamphamvu kumanzere. Mpando utembenukira kumanja. Limenelo ndi lamulo lachitatu la Newton, ndipo ana aliona ndi maso.

Mapiko a R22, ukawayang'ana uli pamwamba, amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Injini ikamawakankhira uko, thupi la ndege limafuna kuzungulira kumanja. Kapulopela ka kumchira, kotalika mita imodzi ndi pang'ono, kozungulira maulendo oposa 3,000 pa mphindi, kamakankha mchira cham'mbali kuti mphuno isatembenuke. Woyendetsa amakalamula ndi mapedulo awiri. Akakoka collective, injini imawonjezera mphamvu, kupotokola kumakulanso, ndiye aponde pedulo lakumanzere. Chopititsa ndege kutsogolo ndi mapiko aakulu omwewo: ndodo ya kudzanja lamanja, cyclic, imapendeketsa bwalo lonse la mapiko kumene munthu akufuna kupita.

Manja awiri ndi mapazi awiri, chilichonse ndi ntchito yake, ndipo ukasuntha chimodzi zina zitatuzo zimafuna kukonzedwa. N'chifukwa chake wophunzira amatha maola angapo asanathe kuimitsa ndege malo amodzi mita imodzi kuchokera pansi. Ndinkawaonera ndili pakhomo pa shedi, akuyendayenda bwalo lonse ngati mwana amene akuphunzira kusenza ndowa yodzaza. Kenako tsiku lina madzi amangoleka kutayika.

Funso: Ndine namwino. Nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 tinakhala masiku misewu itaduka, odwala tili nawo, mankhwala atatha, tikuyang'ana kumwamba kudikira helikopita zochokera kumayiko oyandikana nafe. Ngati tindege timeneti n'totchipa, bwanji boma kapena mipingo osagula tingapo n'kutiika m'maboma?
Namwino, Phalombe

Yankho: Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndikanakonda yankho langa likanakhala lina. Tiyeni tiwerengere limodzi. Malire ndi makilogalamu 622. Chotsanipo 400 a ndege yokha, kwatsala 222. Woyendetsa tinene kuti ndi wa makilogalamu 80, kwatsala 142. Matanki onse awiri akadzaza ndi malita pafupifupi 100, amene ndi makilogalamu 72, okwanira maola atatu osapitirira. Kwatsala 70. Limenelo ndi thumba limodzi la ufa ndi katoni ya mankhwala, kapena munthu mmodzi wochepa thupi wopanda chikwama. Machira salowamo. Mayi wapakati amene zavuta sangagone, ndipo namwino womuperekeza alibe pokhala.

Chachiwiri ndi mpweya wathu. Mapiko ndi injini zonse zimadya mpweya, ndipo mpweya umapepuka ukamakwera mtunda komanso kukamatentha. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili mamita 1,230 pamwamba pa nyanja yamchere. Masana a mwezi wa October kukafika madigiri 32, ndege imamva ngati ili pa mamita 2,100. Robinson anaganizirako zimenezi. Injini ya R22 Beta II payokha ingathe kupereka mahosipawa 180, koma amailola 131 okha kwa mphindi zisanu ponyamuka, ndi 124 paulendo. Yotsalayo ndi nkhokwe: imathandiza kuti injini ikhalitse, komanso kuti ukakwera kumtunda ukhalebe ndi mphamvu yokwanira. Koma nkhokwe imatha. Ku Johannesburg, kumene n'kokwera kuposa Lilongwe, ndinkaona aphunzitsi m'chilimwe akupungula mafuta kapena kudikira madzulo kuti anyamuke ndi wophunzira wonenepa. Tsono ganizirani m'mphepete mwa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ili mamita 3,002, mphepo ikugubuduka kutsika m'zigwa, mitambo ili pansi, mvula ikugwa. R22 siloledwa kulowa mumtambo, ndipo mphepo yamkuntho ya m'mapiri ndiye mdani wake wamkulu, monga ndifotokozere m'yankho lotsatirali. Masiku amene munkaifunitsitsa ndi omwewo amene ikanakhala pansi itamangidwa mapiko.

Kutchipanso kwake n'koyerekeza ndi helikopita zina. Yatsopano inadutsa kale madola 300,000. Imamwa avgas, petulo wa ndege wamtundu wobiriwira ngati thambo, amene sapezeka pa filing'i siteshoni. Ikakwanitsa maola 2,200 kapena zaka 12, chimene chayamba kukwana, imaphwasulidwa yonse n'kumangidwanso ndi zipangizo zatsopano, ngakhale itakhala kuti zaka zonsezo inangokhala m'shedi.

Ntchito imene ingagwire bwino ndi ya maso: mvula ikakata, kukaona mlatho umene wakokoloka, mudzi umene wazingidwa ndi madzi, malo amene yaikulu ingatere, mwinanso kukasiya katoni ya mankhwala a malungo kapena a shuga. Helikopita zing'onozing'ono zagwirapo kale ntchito yooneka kwathu kuno. Pamene njovu pafupifupi 500 zinkasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, dokotala wa nyama ankazibaya mankhwala ogonetsa ali m'helikopita. Koma yonyamula odwala ndi matumba iyenera kukhala ya injini ya turbine (yonga ya ndege za jeti), ya chitseko chachikulu, yokhala ndi chingwe chokwezera anthu. Ndikanafunsidwa ine, ndikanati ndalama za tating'ono khumi zipite ku zazikulu ziwiri, pamodzi ndi amakaniko ake, zipangizo zake ndi mafuta osungiratu mwezi wa November usanathe.

Funso: Achimwene, ndimagwira ntchito yoyendetsa galimoto kuno ndipo ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndiphunzire kuyendetsa helikopita. Sukulu ina ili ndi R22, ina ili ndi Cabri G2 koma ndi yodulirapo. Anthu akundiopseza kuti R22 imadzidula yokha mchira m'mwamba. Zoona?
Dalaivala, Cape Town

Yankho: Zimachitika, achimwene, koma siidzidula yokha popanda chifukwa, ndipo chifukwacho muyenera kuchidziwa musanakwere.

Mapiko awiri a R22 amamangidwa pa bawuti imodzi pamwamba pa mzati wozungulira, moti amapendama ngati sikelo: ili likakwera, linalo limatsika. Thupi la ndege limalendewera kunsi kwake ngati ndowa pachingwe cha pachitsime. Chingwe chikakhala chokungika, ndowa imatsatira kumene dzanja likupita. Mukagwetsa dzanja mwadzidzidzi, chingwe chimakhwepa, ndowa n'kupendama mmene yafunira. M'ndege zimenezi zimachitika woyendetsa akakankhira cyclic kutsogolo mwamphamvu pamene amakwera, kapena mphepo yamkuntho ikaigwetsa mwadzidzidzi. Munthu amamva kupepuka ngati mmene zimakhalira galimoto ikadumpha hampu pa liwiro. Nthawi imeneyo mapiko sakunyamula kanthu, koma kapulopela ka kumchira kakukankhabe, ndiye thupi limagubudukira kumanja mofulumira. Munthu aliyense mwachibadwa amakankhira ndodo kumanzere kuti aiwongole. Mapiko amamvera n'kupendama, thupi osatsatira, mpaka tsinde la mapiko limamenya mzati. Amati mast bumping. Mzati ukhoza kuthyoka, kapena phiko kudula mchira kapena chipinda chokhalamo anthu. Mankhwala ake ndi osemphana ndi chibadwa: kokerani ndodo kumbuyo pang'onopang'ono kuti chingwe chija chikungike kaye, kenako muziwongola. Kuposa pamenepo, osafikako n'komwe. M'ndegemo muli chikwangwani choletsa kukankha kotere, ndipo kukakhala mphepo yovuta lamulo ndi kuchepetsa liwiro kapena kutera.

Robinson sanapange R22 kuti ikhale yophunzitsira. Masukulu anaikonda chifukwa cha mtengo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 ngozi zinachuluka, makamaka za anthu a maola ochepa ndi ozolowera ndege za mapiko osazungulira, amene dzanja lawo linazolowera kukankhira kutsogolo. Mu 1995 bungwe loyang'anira za ndege ku America la FAA linakhazikitsa lamulo lapadera la R22 ndi inzake yokulirapo ya R44, lotchedwa SFAR 73. Limafuna kuti munthu aphunzitsidwe za kugwa kwa liwiro la mapiko ndi za mast bumping asanagwire ndodo, kuti wophunzira akwanitse maola 20 ndi mphunzitsi asanauluke yekha, komanso kuti mphunzitsi akhale ndi maola 200 a helikopita, 50 mwa iwo a R22. Anaikamonso governor, kachipangizo kosunga liwiro la injini palokha. Ngozi zinatsika kwambiri pambuyo pake.

Cabri G2 anaipanga ndi Bruno Guimbal wa ku France, ndipo inavomerezedwa ku Ulaya mu 2007. Ili ndi mapiko atatu omangidwa mwanjira ina, moti vuto la kumenya mzati ilibe. Mapiko ake amasunga mphamvu yochulukirapo, mipando ndi thanki anazipanga poganizira ngozi, ndipo kapulopela ka kumchira kali m'kati mwa chibowo chotchinga. Nayo ili ndi khalidwe lake: mapiko amazungulira mbali inayo, ndipo mapedulo amafuna phazi lotsimikiza, apo ayi imakuzungulitsani pafupi ndi nthaka.

Maganizo anga ndi awa. Akanakhala mwana wanga ndipo ndalama zilipo, maola oyambirira ndikanamulipirira pa Cabri. Koma ntchito zoyamba zimene mungapeze kumeneko, yophunzitsa, yowerenga nyama, yolondola galimoto zobedwa, zambiri zili pa R22 ndi R44, ndiye mudzaiphunzirabe. Pitani kusukulu zonse ziwiri. Funsani maola a mphunzitsi amene azikuphunzitsani inuyo, osati a mwini sukulu. Pemphani kuona buku la ndege, muone maola otsala pa mapiko. Mukaona mphunzitsi akuonetsa masewera, kukwera mwamphamvu n'kugwetsa mphuno kuti musangalale, tengani ndalama zanu muzipita. Dziyezeninso pa sikelo, poti malire a mpando aja a makilogalamu 109 sakambirana.

Funso: Ndine wowotcherera zitsulo, ndimapanga mageti ndi mawindo. Ndili ndi injini ya Corolla yabwinobwino ndipo ndayamba kale kumanga fulemu ya helikopita ya anthu awiri. Mapiko ndikufuna kupanga a malata okhuthala. Mungandilangize chiyani?
Mmisiri, Ndirande

Yankho: Amisiri, mtima umenewo ndimaulemekeza, Robinson nayenso anayambira m'shedi ya malata. Koma ndikupemphani ndi mtima wonse: mapiko amenewo musawazungulitse, ngakhale ndege itamangidwa pansi ndi unyolo, ngakhale kongoyesa.

Fulemu si vuto, mukhoza kuimanga yokongola kuposa ya kufakitale. Injini ya galimoto ndi yolemera poyerekeza ndi mphamvu yake mukawerengera rediyeta ndi madzi, koma nayonso si imene ikundiopsa. Nsonga ya phiko la R22 imathamanga makilomita pafupifupi 770 pa ola. Pa liwiro limenelo phiko lililonse limakoka tsinde lake ndi mphamvu ya matani angapo, kwinaku likupindika ndi kuwongoka maulendo mazanamazana pa mphindi. Chitsulo chowotcherera chimatopa pamzere wa chowotchereracho, ndipo sichichenjeza. Phiko limodzi likachoka, limapita ngati chikwanje choponyedwa, lotsalalo n'kugwetsa makina onse pa sekondi yomweyo. Ku Ndirande sipakhala poyesera popanda ana oonerera.

Phiko lenileni kutsogolo kwake kuli msana wachitsulo chosachita dzimbiri, m'kati muli zisa zonga za njuchi, ndipo khungu lake amalimata ndi guluu wapadera wophikidwa mu uvuni. Awiriwo amayezedwa kuti alemere mofanana, kusiyana kwa magalamu ochepa kumagwedeza ndege yonse. Pa sevisi iliyonse ndinkakwera pa makwerero ndi kandalama kachitsulo m'manja, n'kumagogoda mzere wa guluu kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, sentimita ndi sentimita, khutu lili pafupi. Pomatika bwino pamalira kuti ngwee. Tsiku lina, chala chimodzi kuchokera kunsonga, kunsi kumene mchenga unadya penti, panalira kuti phu. Ndi maso panalibe chooneka. Mwini ndegeyo anali ndi ulendo m'mawa mwake ndipo anandikalipira kuti ndikumuwonongera ndalama, koma akulu athu atagogoda okha anamva chimodzimodzi, ndipo mapiko onse awiri anatsitsidwa madzulo omwewo. Titapanikiza ndi chikhadabo pamalopo, khungu linatseguka ngati chivundikiro cha chitini.

Luso lanulo liperekeni kumene lingakule. Yambani ndi helikopita yaing'ono ya rimoti, ya mapiko a mita imodzi. Muphunzirapo kulinganiza mapiko, kuyeza kupendekeka kwake ndi kuthetsa kunjenjemera, ndipo ikagwa mungotaya ndalama. Ngati muli ndi satifiketi ya MSCE yokhala ndi masamu ndi sayansi, funsani ku mabwalo a Chileka ndi Kamuzu za njira yophunzirira umakaniko wa ndege, chifukwa anthu odziwa chitsulo ndi manja amasowa m'ntchito imeneyi. Fulemu mwamangayo isungeni, muikemo mipando ndi ndodo zake zoyenda bwinobwino, mupite nayo kusukulu ya pafupi nanu ana akaphunzirirepo collective ndi cyclic. Munditumizire chithunzi chake kudzera kwa akonzi, ndipo mundiuze kuti mapaipi mwagwiritsa ntchitowo ndi a saizi yanji.